Amayi sanasiye bowls, anasiya mipikisano: lipoti la kalabu ina mu Lusaka

Ndine mlembi wa mipikisano pakalabu ina ya bowls muno mu Lusaka, ndipo ndimathandizanso kuphunzitsa oyamba kumene. Ntchito yanga ndi kusunga kaundula wa olowa mipikisano, kuchita maere a matimu, kugawa ma rink ndi kutolera makadi a zigoli masewera akatha. Dzina la kalabu ndi mayina a anthu ndawasiya dala. Lipotili ndalembera makamaka anzanga a m'makomiti a makalabu ena, chifukwa nkhani ya kuchepa kwa amayi m'mipikisano ikabuka pamsonkhano, yankho limakhala lokonzeratu: amayi anataya chidwi. Mabuku athu sakugwirizana ndi yankho limenelo.

Masewera ake

Si aja a m'nyumba ogwetsa timitengo khumi. Athu ndi a pakapinga. Munthu amagubuduza mpira wolemera, wosapitirira makilogalamu 1.59, kuti ukaime pafupi ndi kampira koyera kotchedwa jack. Mpirawo anausema mopendekera mbali imodzi, choncho ukamatha mphamvu umakhota, ndipo luso lonse lagona podziwa kuti ukhotera pati. Bwalo lake timati green. Mbali iliyonse imakhala ya mamita 31 mpaka 40, ndipo limagawidwa m'mizere yotchedwa ma rink. Pali masewera a munthu mmodzi, a awiri, a atatu ndi a anayi.

M'timu ya anayi muli lead, second, third ndi skip. Lead amaponya jack ndi kuyamba kugubuduza. Skip amaima kumutu komwe mipira ikusonkhana, amaona mmene yagonera, amauza anzake dzanja lodzera ndi mphamvu yofunika, kenako iye amaponya pomaliza. Amalembetsanso timu, amaitana anthu, ndipo zikavuta amayankha ndi iyeyo. Popanda skip palibe timu, ndipo nkhani yathu yagona pamenepa.

Masewerawa anafika kuno ndi azungu ndipo anazika mizu m'makalabu a migodi ndi a m'matauni. Nthawi ya ZCCM, kampani ya migodi ya mkuwa yomwe inakhazikitsidwa mu 1982, migodi inkasamalira mabwalo a masewera ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya, ndipo osewera ankayenda pa ndalama za kampani. Migodi itagulitsidwa, ntchito yomwe inafika kumapeto mu 2000, makalabu ambiri anatsala akudzionera okha. Ku Commonwealth Games bowls inayamba mu 1930, koma amayi anawatsekulira khomo mu 1982 ku Brisbane, ndipo golide woyambayo, wa masewera a atatu, anapita kwa amayi a ku Zimbabwe. Amayi a Zambia nawonso afikako, mwachitsanzo ku Gold Coast mu 2018. Choncho sitikunena za masewera omwe amayi a kuno sawatha.

Zimene mabuku akuonetsa

Ndinayala pamodzi mabuku atatu: kaundula wa mamembala, buku losainira pa masewera ocheza a pakati pa sabata, ndi mafomu olowera mipikisano. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka chisanafike chaka cha 2020.

M'kaundula wa mamembala amayi achepa, koma pang'ono, ndipo ambiri ochokawo ndi okalamba, omwalira kapena osamuka. Buku la masewera ocheza likadali lodzaza ndi mayina a amayi. Masiku ena amaposa abambo. Kugwa kwenikweni kuli pa mafomu a mipikisano, ndipo kunatsata ndondomeko yake. Anayamba kutha ndi masewera a anayi, kenako a atatu, kenako a awiri. A munthu mmodzi anali ochepa kuyambira kale ndipo sanasinthe kwenikweni. Covid itatseka masewera mu 2020, mipikisano yonse inaima. Potsegulanso, ya abambo inabwerera mwakale mkati mwa nyengo imodzi. Ya amayi sinabwerere.

Kukanakhala kutaya chidwi, buku la masewera ocheza likanayamba ndilo kuuma. Mayi yemweyo amene sanalembetse mpikisano Loweruka amapezeka pa green Lachitatu masana, nsapato zake zosalala kuphazi, akupukuta mipira.

Ma skip anatha mwakachetechete

Matimu a amayi atayamba kuchepa, komiti inachita chimene makalabu ambiri amachita: mpikisano wa amayi ukasowa matimu okwanira, unkaphatikizidwa ndi wa abambo n'kukhala wosakaniza. Cholinga chinali chabwino, kuti amayi olembetsawo asabwerere kunyumba osasewera. Koma nditawerenga makadi a zigoli a mipikisano yosakanizayo, pafupifupi pa khadi lililonse mayi anali lead, nthawi zina second. Third ndi skip anali abambo. Palibe lamulo lonena zimenezi. Timu ikangokumana pa rink aliyense amapita pamalo omwe anazolowera, ndipo mayi amanyamula mat, kamphasa koimapo poponya komwe amayala ndi lead.

Lead wabwino ndi chuma, koma ntchito yake ndi imodzi: kufikitsa mpira pafupi ndi jack pomwe njira ili yoyera. Saphunzira kuwomba mipira yotchinga, kukankha jack kuti ithawire kwa mipira ya anzake, kapena kusankha pakati pa kufuna chigoli china ndi kutchingira chomwe chilipo. Sayeza ndi tepi, ntchito imeneyo ndi ya third. Akaponya mipira yake iwiri amaima kumbuyo n'kumaonerera ena akuganiza. Zaka zikapita choncho, kalabu imakhala ndi amayi ambiri aluso loponya koma opanda woimirira kumutu.

Ma skip a amayi omwe tinali nawo anali a m'badwo umodzi, ophunzira masewerawa nthawi imene gawo la amayi linali ndi kaputeni wake ndi mipikisano yake. Mmodzi anabwerera kumudzi ku Chipata atapuma pantchito, wina maondo anamukana, wina anatsatira ana kunja. Aliyense pochoka ankagwetsa timu yathunthu, chifukwa atatu otsalawo sankadziona kuti angalembetse okha. Pa fomu zimaoneka ngati amayi anayi asiya, pomwe wachoka ndi mmodzi.

Ndipereke chitsanzo cha mayi wina wa ku Chilenje, wosewera nafe kwa zaka zambiri, yemwe dzanja lake aliyense amalisirira. Tsiku lina pa masewera ocheza ndinamupempha kuti akhale skip. Anaseka n'kunena kuti, "Iyayi a sekilitale, ine ndine wotsegula njira, zakumutuko asiyireni eni ake." Ndinamuumiriza kuti angoyesa. Pa end yachitatu (end ndi chigawo cha masewera chomwe chimatha onse akaponya mipira yawo kulowera mbali imodzi), mipira itapanikizana, anayenda pang'onopang'ono kuizungulira, anawerama kuona mpata pakati pa iwiri, kenako anaika phazi pambali pa jack n'kuuza bambo wina wachikulire kuti, "Adadi, dzerani kumanjaku, mukaime pano pamene pali phazi langa, musafune jack." Bamboyo anamvera, ndipo mpira wakewo ndi umene unapulumutsa end imeneyo jack itakankhidwa. Mayiyu amadziwa kuwerenga mutu bwino lomwe. Zaka zonse zija ankaona ali chete kumbuyo, palibe anamufunsapo. Koma masewera atatha anandiuza kuti pampikisano weniweni sangayerekeze, kuopa kugonjetsa anzake n'kukhala nkhani m'bala.

Loweruka la mayi wa mu Lusaka

Mpikisano wathu wakale ndi wa masiku awiri, Loweruka ndi Lamlungu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masewera amodzi a anayi amatha kudya maola atatu, ndipo patsiku pamakhala awiri kapena atatu. Dongosololi linakonzedwera anthu omwe mapeto a sabata anali awoawo.

Kwa amayi athu Loweruka ndi tsiku la kitchen party, la chilanga mulilo, la matebeto, la ukwati, la msonkhano wa Chigwirizano kapena wa chilimba, ndipo kwa ochita malonda ndi tsiku lokaoda kumsika wa Soweto mbandakucha. Lamlungu ndi la kutchalitchi, ndipo ambiri ali ndi maudindo kumeneko. Pamwamba pa zonsezi pali maliro. Bambo amatha kukaonekera pamaliro madzulo n'kubwerera. Mayi amagona komweko, ali kumoto.

Malamulo amalola timu ya anayi kusewera ndi atatu ngati mmodzi sanabwere, koma imalandidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a zigoli zake. Ndiye mayi amene wagweredwa maliro Lachisanu usiku amadziwa kuti wapweteketsa anzake. Nditacheza nawo mmodzimmodzi, ambiri sananene kuti alibe nthawi yosewera. Ananena kuti sangalonjeze masiku awiri athunthu mwezi usanafike, ndipo kusiyana n'kuti adzagwiritse anzawo fuwa lamoto, bola osalembetsa n'komwe. Ichi n'chifukwa chake masewera a anayi anayamba kutha: anthu olonjezana akachuluka, mpata woti wina alephere umakulanso.

Pali china chimene sichilembedwa m'mabuku. Pa mipikisano yathu tiyi ndi chakudya chamasana ankakonza ndi amayi a kalabu, kuphatikizapo osewerawo. Ndinaonapo third wa timu ina akusaina khadi mothamanga, n'kumanga chitenje pamwamba pa yunifolomu yoyera, kukavundula nsima ya anthu onse, pomwe amene adzakumane naye masana ali pamthunzi ndi botolo lozizira. Belu litalira anabwerera pa rink asanadye bwino. Amayi achikulire sankadandaula, ati ndi mwambo wa kalabu. Atsikana ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi anaona zimenezi kamodzi, sanalembetsenso.

Ulendo, mipira ndi kapinga

Mipikisano ikuluikulu yambiri imafuna ulendo wa ku Copperbelt. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Kitwe ndi makilomita pafupifupi 360. Abambo amadzazana m'galimoto imodzi, kukagona kwa mnzawo kapena kupanikizana m'chipinda chimodzi. Mayi ayenera kupeza wotsala ndi ana kapena odwala, malo ogona odalirika, ndipo kwa ena chilolezo cha kunyumba, chomwe sichibwera msanga ngati ulendowo uli wa abambo okhaokha. Ndalama yolowera mpikisano ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi.

Mipira nayo sipangidwa kuno. Ya Henselite imachokera ku Australia, ya Taylor ku Glasgow, ndipo kwacha ikagwa mtengo wake umathawa. Yobwereka ya m'kabati ya kalabu inali yosiyidwa ndi abambo akale, ya saizi 4 ndi 5, yosagwirika m'dzanja la amayi ambiri. Mpira ukakula umapulumuka m'manja usanafike pansi, umadumpha, ndipo munthu amaganiza kuti alibe luso. Ina chidindo chake chinatha mphamvu kalekale, poti chimagwira ntchito zaka 10 zokha, ndipo m'mipikisano ikuluikulu amachiyang'ana.

Chaka cha 2024 chinadzathira mafuta pamoto. Chilala chinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, madzi anatsika ku Kariba, ndipo malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse. Pampu ya pachitsime chathu imayendera magetsi, makina ometera kapinga nawonso. Madzi ochepa omwe ankapezeka ankathiridwa pa ma rink apakati. A m'mbali anauma n'kuchita zigamba. Liwiro la green timaliyeza ndi masekondi omwe mpira umatenga kuti uime pamtunda wa mamita 27, ndipo yabwino imalola mpira kuyenda nthawi yaitali ukukhota mofatsa. Pa rink ya zigamba mpira umathamanga pouma, n'kudzafera pa kapinga wotalika, ndipo luso silithandiza. Mipikisano iwiri ikagwa tsiku limodzi, wokhala ndi matimu ambiri unkapatsidwa ma rink abwino. Wa amayi unkapita m'mbali kapena kusunthidwira tsiku lina, ndipo tsiku lina limenelo nthawi zambiri silinkafika.

Zimene tinayesa

Kuchotsa ndalama yolowera sikunasinthe kanthu. Kuwonjezera mphoto chimodzimodzi: anapambana ndi omwe ankapambana kale.

Tinaitananso atsikana a sukulu zapafupi pa holide. Anabwera, anasangalala, ena anaonetsa dzanja labwino. Sukulu zitatsegulidwa anazimiririka, chifukwa ndalama ya minibasi inalibe wolipira ndipo panalibe mpikisano wa msinkhu wawo woti aziukonzekera. Komanso tisadzinamize: mtsikana wa mu Lusaka wokonda masewera lero akuona Barbra Banda, katswiri wa mpira wamiyendo yemwe anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana ku Olympics ya Tokyo n'kupita ku Orlando Pride mu 2024, ndi a Copper Queens, timu ya dziko ya amayi, omwe anafika ku World Cup mu 2023. Ife tikumuonetsa chikho cha m'kabati ndi tiyi. Ntchito ya atsikana ndi yofunika, koma ndi ina, ndipo singachize vuto la chaka chino.

Chimene chinagwedeza zinthu ndi mpikisano waufupi wa Loweruka masana, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Ndi wa atatu, aliyense mipira iwiri, ma end ochepa. Munthu salembetsa timu, amalemba dzina lake lokha pa gulu la WhatsApp pofika Lachisanu madzulo, ndipo matimu timachita maere tsiku lomwelo. Zigoli zimalembedwa pa dzina la munthu n'kumawonjezeredwa mwezi ndi mwezi, choncho wojomba chifukwa cha maliro sapweteka aliyense ndipo amadzapitiriza pomwe anasiyira. Lamulo lalikulu ndi lakuti malo amasinthana: amene anali lead pa masewera oyamba akhale skip pa achiwiri. Poti aliyense amadutsamo, manyazi a kugonjetsa timu anachepa.

M'mipikisano yosakaniza komiti inavomera, itakangana kwa nthawi ndithu, kuti mayi aliyense m'timu asewereko third kapena skip pa masewera ena a tsikulo. Chakudya tinapereka kwa mayi wina wophika wolipidwa, mtengo wake n'kuugawa kwa osewera onse. Mipira ikuluikulu ina tinasinthanitsa ndi yaing'ono kudzera mwa mamembala oyenda ku Johannesburg ndi Harare. Za maulendo amayi anakonza okha: anayambitsa chilimba cha masewera, chomwe amene akutenga mwezi umenewo amalipirira ulendo kapena mipira. Komiti inafuna kuchilowetsa m'mabuku a kalabu, iwo anakana, ndipo ndikuona kuti anachita bwino.

Pomwe tafika

Mpikisano wa masana ukudzaza ma rink omwe timaupatsa, ndipo mwabwera mayina omwe ndinali nditasiya kuwaona pa mafomu. Amayi angapo tsopano amaima kumutu osachita kukankhidwa, ndipo mayi wa ku Chilenje uja analembetsa yekha timu ya awiri pampikisano wa kalabu. Mpikisano wa awiri wa amayi unachitikanso pawokha, wosaphatikizidwa.

Wa anayi sunabwerere. Amayi azaka zosakwana 35 akadali owerengeka. Opita ku Copperbelt ndi omwe aja.

Otsutsa alipo, ndipo si abambo okha. Amayi ena akale amati masewera aafupiwa si bowls yeniyeni. Mfundo yawo ili ndi mutu: munthu wofuna kuimira dziko ayenera kupirira masewera aatali padzuwa, masiku otsatizana, ndi timu yomwe anazolowerana nayo, ndipo maere a Loweruka saphunzitsa zimenezo. Ine ndimawayankha kuti osankha timu ya dziko sangasankhe pa fomu yopanda mayina, koma sindikukana kuti mlatho wochoka ku masewera aafupi kupita ku aatali sitinaumange. Abambo ena nawo amang'ung'udza akauzidwa zochita ndi skip wachimayi, makamaka end ikatayika, ndipo mawu amodzi otayirira m'bala amatha kubweza munthu ku lead kwa miyezi.

Vutoli si la kuno kokha, ngakhale zifukwa zimasiyana malo ndi malo. Ku America, m'masewera aja a timitengo khumi, bungwe la amayi la Women's International Bowling Congress lomwe linayamba mu 1916 linali ndi mamembala oposa 4 miliyoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako chiwerengero chinatsika, ndipo mu 2005 linaphatikizana ndi mabungwe ena kupanga United States Bowling Congress. Mipikisano ya akatswiri achimayi kumeneko inaima mu 2003 n'kudzatsitsimutsidwa mu 2015, mabungwe ataikapo ndalama mwadala. Ku England mabungwe a bowls a amayi ndi abambo anakhala limodzi mu 2008. Kuphatikiza sikulakwa pakokha, kumachepetsa ndalama ndi mapepala. Koma kwathu kuno udindo wa kaputeni wa amayi utathetsedwa n'kutsala kaputeni mmodzi wa kalabu, m'maminitsi nkhani ya mipikisano ya amayi inachoka pakati pa ajenda n'kutsikira ku nkhani zina ndi zina, komwe anthu amakhala atayamba kale kuyang'ana wotchi.

Pamsonkhano waukulu ukubwerawu ndapereka mfundo zitatu. Udindo wa kaputeni wa amayi ubwezeretsedwe, ndi voti m'komiti. Ma rink azigawidwa mwa maere mipikisano ikagwa tsiku limodzi, osati potengera kuchuluka kwa matimu. Ndipo mpikisano wa anayi wa amayi ubwerere pakalendala ngati wa tsiku limodzi, timu iliyonse ikuloledwa kulembetsa anthu asanu kuti wina akagweredwa zovuta wachisanuyo alowe popanda chilango. Mfundo yachitatuyi ikufunika kuti tione kaye ngati malamulo a mipikisano ya dziko angailole kupitirira pakalabu. Msungichuma wanena kale kuti ndalama za chaka chino zipita ku pampu ya sola, ndipo pa chimenecho sindikutsutsana naye.